Dzina la Ganesh ndi Nyumba ya Biswas

M'nkhani ino ndifuna kukusimbirani za mabuku awiri a nthano zoseketsa amene ndimawakonda kwambiri. Onse awiri analembedwa m'Chingerezi ndi munthu mmodzi, dzina lake V. S. Naipaul. Iyeyu anali Mmwenye, koma sanabadwire ku India ayi. Anabadwa m'chaka cha 1932 pa chilumba cha Trinidad, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, pafupi ndi dziko la Venezuela. Kapena mudzafunsa kuti, "Nanga Amwenye anakafika bwanji kutali chotero?" Tiyambe ndi funso limeneli, pakuti popanda ilo nthanozo sizingamveke.

Ukapolo utatheratu pa zilumba za Angerezi m'chaka cha 1838, eni minda ya nzimbe anasowa antchito. Tsono anakalemba anthu ku India pa pangano la zaka zisanu. Chombo choyamba, Fatel Razack, chinafika ku Trinidad pa 30 May 1845, ndipo kufikira 1917 anthu oposa 140,000 anali ataoloka nyanja. Ambiri anali alimi osauka a ku Bihar ndi Uttar Pradesh. Tisawafanizire ndi Amwenye a m'masitolo a ku Limbe, amene makolo awo ambiri anadza okha ngati amalonda. Awa anafanana ndi agogo athu amene anadinda chala kwa Wenela napita ku migodi. Ena anabwerera kwawo, koma ochuluka anakhala komweko. Ife tikadati anachona.

Adzukulu awo anasunga milungu, zakudya ndi miyambo ya ukwati, koma chinenero cha makolo chinayamba kutayika. Kusukulu anaphunzira za mafumu a ku England ndi za chipale chimene sanachionepo. India sanamuone, England sanamuone, ndipo Trinidad, kumene mchombo wawo unagwera, anamuyesa malo opanda pake. Naipaul anatenga anthu oterewa nawaika m'nthano.

Buku loyamba ndilo The Mystic Masseur, la m'chaka cha 1957. Mwini nkhani ndi Ganesh Ramsumair, mphunzitsi amene uphunzitsi unamukanika. Pa ukwati wake panali mwambo wakuti mkwati asadye mpunga kufikira akuchikazi atampatsa mphatso. Ganesh anangokhala duu, osakhudza mbale, kufikira mpongozi wake Ramlogan, mwini sitolo waumbombo, atatulutsa ndalama zambiri akulira mumtima. Pambuyo pake anayesa ntchito yosisita odwala, koma anthu sanabwere. Analemba kabuku ka mafunso ndi mayankho a chipembedzo cha Chihindu, koma sikanagulidwe. Tsono anavula buluku, navala nsalu ndi nduwira monga munthu woyera wa ku India. Atachiritsa mnyamata amene ankakhulupirira kuti mtambo wakuda ukumlondola, mbiri yake inawanda, ndipo analemera. Analowa m'ndale, nasankhidwa kukhala m'nyumba ya malamulo, navalanso suti, nalandira mendulo kwa Angerezi. Potsiriza, mnyamata wina wakwawo amene ankaphunzira ku England anakamchingamira pa siteshoni ya sitima, namuitana ndi dzina lake mokondwa. Koma mkuluyo anamuwongolera mosasekerera: dzina lake tsopano linali G. Ramsay Muir. Anadula dzina la makolo ake pakati nalisandutsa la Chizungu.

Onani kuti Ganesh anavala Chimwenye pamene Chimwenye chinali ndi phindu, navala Chizungu pamene Chizungu chinali ndi phindu. Kwa iye zonse ziwiri zinali malaya chabe.

Buku lachiwiri ndilo A House for Mr Biswas, la m'chaka cha 1961, limene Naipaul analemba pokumbukira moyo wa atate ake, Seepersad Naipaul, amene anali mtolankhani. Mohun Biswas anabadwa ndi zala zisanu ndi chimodzi, ndipo wansembe analosera kuti mwanayo ndi watsoka, asayandikire madzi. Tsiku lina mwana wa ng'ombe amene ankamuweta anamira m'dziwe. Biswas, poopa chikoti, anakabisala pansi pa kama. Atate ake anayesa kuti mwana wawo wamira, nalowa m'madzi kukamfuna, nafera momwemo. Atakula anakhala wolemba zikwangwani. Polemba chikwangwani pa sitolo ya banja la a Tulsi, anapatsira mtsikana wina, Shama, kakalata ka chikondi. Kakalatako kanagwera m'manja mwa amayi ake a mtsikanayo, ndipo asanazindikire bwino Biswas anapezeka atakwatira.

Apa ife Achewa timvetsa msanga, pakuti Biswas anasanduka mkamwini. Anakhala m'nyumba yaikulu ya apongozi, yotchedwa Hanuman House, pamodzi ndi akamwini anzake ambiri, onse odya mphika umodzi ndi ogwira ntchito ya eni nyumba. Mphamvu analibe, chida chake chinali pakamwa, ndipo anawapatsa apongozi ndi alamu ake maina achipongwe. Chimene mtima wake unalira ndi nyumba yakeyake. Yoyamba anachokamo isanathe pa usiku wa mkuntho, ndipo pambuyo pake anthu anaitentha. M'yachiwiri anathamangitsidwamo ndi moto umene anayatsa yekha potentha tchire. Potsiriza anagula ndi ngongole nyumba ya pa Sikkim Street mu mzinda wa Port of Spain. Anam'bera pa mtengo, zitseko zina sizinkatsekeka, makwerero ankagwedezeka. Koma anamwalira ali ndi zaka 46 pansi pa denga lake, osati la apongozi.

Ndikawayesa anthu awiriwa, ndiona kuti Ganesh anapeza chuma ndi ulemu nataya dzina, pamene Biswas anakhala wosauka ndi wosekedwa koma anasiyira ana ake malo oti angawatche kwathu. Nthano ya Ganesh ndimaiseka ndi pakamwa pokha. Ya Biswas ndimaiseka, koma pakhosi pali chinthu.

Kodi n'chifukwa ninji wolemba anasankha kuseketsa pa nkhani yowawa chotere? Ndiganiza kuti munthu ukamudzudzula maso ndi maso amauma mutu, koma ukamuonetsa mnzake wopusa amaseka, ndipo ali mkati moseka amazindikira kuti akudziseka yekha. Agogo athu anadziwa nzeru imeneyi pamene ankatisimbira za Kalulu ndi Fisi madzulo pamoto.

Ndi ife tili nawo a Ganesh athu. Pa ntchito yanga ya uhedimasitala ndalandirapo bambo wina amene anakhala ku Joni zaka ziwiri zokha, nadza kudzalembetsa mwana wake. Anandilankhula m'Chingerezi chothyoka, nati Chichewa chikumuvuta. Koma linthumbu litamuluma m'mwendo pakhonde, anafuula Chichewa chomveka bwino ndithu. Sindinamseke pamaso pake, pakuti ndinadziwa kuti kumene anali anthu ankamunyoza chifukwa cha chinenero chake. Munthu sabisa dzina lake popanda chimene chinamuchititsa manyazi. Koma mwana uja ndinamva naye chisoni, chifukwa anali kuphunzira kuti mawu a amayi ake ndi chinthu chobisa.

Naipaul mwini sanachire nthenda imene anaiseka. Anapita kukaphunzira ku Oxford m'chaka cha 1950, nakhazikika ku England. Mu 1962 anakaona India, napeza kuti kumenekonso ndi mlendo, ndipo buku lake la ulendowo, An Area of Darkness, linakwiyitsa Amwenye ambiri. Zina zimene analemba za Africa ndi zonyoza, ndipo ine sindizivomereza. Analandira mphoto ya Nobel mu 2001, namwalira ku London mu 2018. Koma abale ake amene anatsala pa chilumba anazika mizu. Tsiku la 30 May ndi tchuthi chokumbukira kufika kwa makolo awo, ndipo mu 1995 Basdeo Panday, mdzukulu wa mtundu womwewo, anakhala nduna yaikulu ya dziko lonse.

Tsono inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula, musaope zinenero zachilendo. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi tsiku ndi tsiku, ndipo ndi chimene chinanditsegulira mabuku awiriwa. Chiphunzireni ngati khasu lachiwiri, osataya loyamba. Ndipo popeza tsopano mudziwa kugwira cholembera, lembani m'kope maina a agogo anu, mfunda wanu, ndi mudzi umene makolo anachokera, kuti mwana wanu akadzachona kutali adzakhale ndi powerenga kuti iye ndi wa kwa yani.