Kalata kwa Mphwanga: Za Maudindo a Asilikali

Kande, Chintheche

Wokondedwa mphwanga,

Popeza mtima wako wakhazikika pa usilikali, ndipo wandifunsa chiyambi cha mizere ya pamkono ndi nyenyezi za pamapewa zimene ukazione ku sukulu ya MAFCO ku Salima, ndayesa chinthu choyenera kukulongosolera bwino, pakuti makolo athu a kunyanja kuno ali nayo mbali yaikulu m'nkhani imeneyi.

Kuika anthu pansi pa atsogoleri a zikwi, a mazana ndi a makumi ndi nzeru yakale, yomwe Yetero analangiza Mose m'chipululu. Koma maina amene asilikali athu amatchulana nawo tinawalandira kwa Angerezi, amene amagawa gulu lankhondo pawiri. Pansi pali msilikali wamba, lansi kopolo wa mzere umodzi, kopolo wa iwiri, sajeni wa itatu, kufikira sajeni meja, ndipo onsewa amakwera ndi thukuta lawo. Pamwamba pali maofisala, olandira kalata ya ulamuliro kwa mfumu, kapena masiku ano kwa Pulezidenti: lefitenanti wotsogolera anthu ngati makumi atatu, kaputeni, meja woyang'anira ngati zana, lefitenanti kanelo wa bataliyoni yonse, kanelo, brigediya, ndi majenerale. Ku Mangalande komweko, kufikira chaka cha 1871, mwana wa munthu wachuma ankagula uofisala ndi ndalama.

Atonga anali m'gulu la anthu oyamba kugwira mfuti pansi pa Azungu m'dziko muno, pamene a Mandala ankamenyana ndi Mlozi ku Karonga. Ndipo Harry Johnston atabweretsa Asikh ochokera ku India mu 1891, panakhala misinkhu itatu, Mzungu wolamula, Msikh wophunzitsa perete, ndi ife osenza mfuti. Mu 1902 panabadwa King's African Rifles, imene agogo athu ankaitcha Keyala, ndipo ngakhale anthu athu anakhetsa mwazi pa nkhondo ya Jeremani, naima nji pa Moyale mu 1940, nafika mpaka ku nkhalango za Burma, udindo wawo unkathera pa usajeni meja. Munthu wa imvi, wodziwa fungo la wonga, amene anaphunzitsa mazana a anyamata kuguba, ankamenya sawasha kwa kamnyamata kongotsika kumene m'sitima, chifukwa iko kanali ndi nyenyezi imodzi paphewa. Chimenechi ndikachiganizira mtima umandiwawa, pakuti chimene chinawatsekera khomo sichinali kupereŵera kwa nzeru kapena kwa mtima, koma khungu lokha.

Tsono taona chimene asilikali aja anachita atabwerera kumudzi. Malipenga amene umawaonerera kuno ku Kande chiyambire ubwana wako anachokera ku perete wa asilikali. Ukaona amuna atavala makabudula oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, atandanda m'mizere, zikho zikulira ngati malipenga a bandi, ng'oma yaikulu ikugunda, dziwa kuti gulu lililonse, limene amalitcha boma, lili ndi kingi wake ndi akuluakulu ake a maina a chisilikali. Maudindo amene anakanizidwa mu Keyala anadzipatsa okha pabwalo la kwawo, nawasenza ndi ulemu wonse pamaso pa mafumu ndi akazi awo. Ena amati kunali kungotsanzira Azungu. Ine ndimati anthu aja ankaonetsa poyera kuti kulamula gulu akukudziwa.

Pa ufulu wa 1964 bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka Malawi Rifles, komabe ulamuliro wake unatsalira m'manja mwa maofisala a ku Britain kufikira 1972, pamene Graciano Matewere, wochokera mu Keyala momwemo, anakhala Mmalawi woyamba kulamulira asilikali onse. Atachoka iye mu 1980, Melvin Khanga analowa m'malo mwake. Gulu litakula, ndi malo atsopano monga Kamuzu Barracks ku Lilongwe ndi Moyale Barracks ku Mzuzu, maudindo apamwamba anachuluka nawo, kotero kuti gulu limene pa ufulu linkakwanira m'dzanja la lefitenanti kanelo mmodzi lero mkulu wake ndi jenerale. Akazi anayamba kulembedwa usilikali mu 1999.

Mpanda wa pakati pa ofisala ndi sajeni ulipobe, ndipo ukadzatuluka ku Salima ndi nyenyezi yako, munthu wa msinkhu wa atate athu adzakumenyera sawasha monga lamulo linenera. Chimene chinasintha nchakuti tsopano chipata chimatsegulidwa ndi maphunziro ndi ntchito, ndipo msilikali wamba wakhama angathe kudzerapo.

Amayi ndi alongo ako akupereka moni.

Ine mkulu wako.