Kupala moto kwa eni

Galimoto ija inaima madzulo pafupi ndi mjigo wathu, kunja pang'ono kwa msika wa Kapiri, m'dera la Mfumu Dambe. Inali ngati lole yaing'ono yosenza nyumba kumsana: mawindo a makatani, thanki ya madzi, masola padenga, ndi tinjinga tiwiri ta ana tomangirira kumbuyo. Munali bambo, mayi ndi ana awiri ochokera ku Ulaya. Bamboyo anandiuza kuti anagulitsa nyumba yawo ndipo akhala m'galimotomo zaka ziwiri. Tsikulo ankachokera ku Kasungu kulowera ku chipata cha Mchinji ndi Mwami, kuti akadutse pa Chipata n'kukaona nyama ku South Luangwa. Anaima chifukwa kunayamba kuda, komanso mwana wamng'ono anali atatentha thupi.

Ana a m'mudzi anazinga galimoto, akuluakulu nawo n'kumasirira. Ine maso anga anali pa nkhope ya mayiyo. Nkhope imeneyo ndinaionapo kale pa amayi anga.

Ife tinachoka ku Phalombe mu 1991, patapita miyezi ingapo napolo atatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu ndi minda. Munda wathu unasanduka miyala yokhayokha. Kutabwera munthu wolemba matenanti a fodya, abambo sanafunse zambiri. Tinakwera lole yopanda denga, mabanja asanu ndi limodzi, aliyense atakhalira mtolo wake: mphasa, mapoto, makasu, nkhuku ziwiri m'dengu. Ndinali ndi zaka 9. Pa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali isanathe, ndipo nyumba za tsidya lina zinali mabwinja. Amayi anatifunditsa chitenje kumutu mpaka tinadutsa Dedza, mphepo ikutiboola m'mafupa.

Amene sanakhalepo tenanti amaganiza kuti ndi ntchito yolembedwa ngati ina iliyonse. Ayi. Mwini esiteti ankakupatsa munda, mbewu, feteleza ndi ndowa za chimanga, koma zonsezo pa ngongole. Banja lonse linkathirira nazale dzuwa likuswa mtengo, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola masamba, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha. Fodyayo unkagulitsa kwa bwana yemweyo pa mtengo umene iye wanena, iye n'kukagulitsa ku okushoni ku Kanengo. Chaka chathu choyamba chinakumana ndi chilala cha 1992, ndipo ngongole inaposa fodya. Tinakweranso lole. M'zaka zisanu ndi ziwiri tinakhala pa maesiteti anayi a ku Mchinji ndi Kasungu, m'tinyumba taudzu tomwe sitinamange ndipo sitinkayembekeza kufoleranso. Lamulo loletsa utenanti linadzabwera mu 2021, abambo atagona kale.

Aliyense m'banjamo anali ndi mantha ake. Abambo ankaopa buku la kapitawo, chifukwa sankatha kuwerenga zimene zalembedwa pa dzina lawo. Ine ndinkaopa gule. Kwathu kunalibe zilombo zotuluka kudambwe, choncho ndikamva ng'oma madzulo ndinkasiya ndowa pachitsime n'kuthawa. Mantha a amayi anali osaoneka, ndipo ndinawamvetsa nditakula. Iwo ankaopa kufera kwa eni. Ankaopa kuti wina wa ife akatsikira kuli chete kumalo kumene palibe mbale, ndani adzakumbe manda, ndani adzagone pasiwa, ndi mfumu iti idzapereke malo kwa anthu obwera pa lole.

Chimene ankachita ndi mantha amenewo ndicho ndasunga mpaka lero. Tikangotsika pamalo atsopano, katundu asanamasulidwe, ankatenga phale n'kulunjika kunyumba ya m'mudzi woyandikana ndi esiteti, kumene aona utsi. Ankaima patali, n'kugwada.

"Odi kuno! Ndife alendo, tafika kumene. Tipaleko moto, amayi."

Ankabwera ndi makala atatu ofiira paphale, nthawi zina ndi nkhwani pang'ono kapena dzina la mwini nyumba. Chonsecho machesi anali nawo, omanga pamfundo ya chitenje. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake ankadzivutitsa chotero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, machesi sabwera pamaliro."

Ndikaganiza bwino, ulendo wa paphalewo unali wovuta kwa iwo kuposa ulendo wonse wa pa lole. Anali munthu wamanyazi, Chichewa chawo chinali chopendekera ku Chilomwe, ndipo ankadziwa kuti eni mudzi ena ankaona matenanti ngati anthu odzatha nkhuni ndi kuba chinangwa. Pena ankabwezedwa ndi nkhope zozizira. Mawa lake ankapita khomo lina. Kukagwa zovuta m'mudzimo, ankasiya kusoka fodya n'kukatunga madzi kusiwa, ngakhale womwalirayo sanamuonepo.

Chimene ankaopacho chinachitikadi pa esiteti yachinayi, kuno kwa Dambe. Mlongo wanga wotsiriza, wa zaka ziwiri, anadwala malungo m'nyengo ya dzinja ndipo sanadutse masiku atatu. Kusanache, amayi atatu a m'mudzi anali atafika ndi nkhuni pamutu. Nyakwawa inapereka malo kumanda a mudziwo, adzukulu anakumba, ndipo ena mwa iwo anali anthu a gule omwe ine ndinkawathawa. Kulira kwa amayi sikunachepe chifukwa cha zimenezo, ndisanamize munthu. Koma sanalire okha. Lole itabweranso chaka chimenecho anakana kukwera. Anati sangasiye mwana. Ndi mmene tinakhalira anthu a kuno.

Nanga ine? Mantha a gule anatha msanga, koma lole inandikhala m'thupi. Kwa zaka zambiri, ngakhale nditamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndikamva injini yaikulu ikuima usiku mtima unkagunda ngati atiuza kuti longedzani. Sindinkadzala mitengo. Mkazi wanga ndiye anandizindikira, n'kubweretsa mbande ziwiri za mango, nati, "Bambo a ana, kumbani apa." Ndinakumba manja akunjenjemera, ngati ndikulumbira chinthu chimene sindingakwanitse.

N'chifukwa chake galimoto ya alendo ija inandigwira mtima mwanjira ziwiri. Sindiwafanizira ndi ife. Iwo anasankha okha msewu, ndipo atafuna akanakwera ndege n'kubwerera kwawo. Koma mwana akatentha thupi usiku kudziko la eni, mantha a mayi ndi amodzimodzi. Ndiponso ndinawamvera chisoni, chifukwa galimoto yawo inali ndi chilichonse: moto wa gasi, madzi, magetsi, ngakhale chimbudzi. Panalibe chowatumiza pakhomo la munthu. Kutangoda anatseka chitseko n'kukoka makatani, ndipo tonse tinawasiya, poganiza kuti anthu otere sasowa kanthu.

Cha m'ma 10 koloko usiku mkazi wanga anamva mwana akulira mosalekeza. Ndinavomera monyinyirika kupita naye, chifukwa nanenso ndinkaopa kugogoda pa anthu amene sanandiitane. Tinaima patali monga ankachitira amayi, n'kuodira. Katani linagwedezeka. Panapita nthawi chitseko chisanatseguke, ndipo chitatseguka mayi uja anali atakumbatira mwana, milomo ikunjenjemera. Ankadikira kuti kuche, poopa kuyenda usiku pamsewu wosaudziwa. Ndinawauza kuti malungo a mwana sadikira tambala, ndipo chipatala cha mishoni cha pa Kapiri chili pafupi. Ndinakhala kutsogolo kulozera njira, mkazi wanga kumbuyo atagwira phazi la mwanayo. Atamuyeza magazi anapeza malungo, n'kumuyambitsa mankhwala usiku womwewo.

Anakhala nafe masiku anayi. Tsiku lachiwiri tinawapatsa chimanga chachiwisi, ndipo madzulo ake ndinamva mawu achilendo kuseri kwa mpanda akuyesa kunena "odi". Anali mayi uja, atanyamula chivundikiro cha poto. Ana athu anali atamuuza kuti chimanga chootcha pagasi sichikoma. Mkazi wanga anamupalira makala pachivundikiropo, ndipo ananyamuka nawo pang'onopang'ono, akuuzira, kudutsa pansi pa mango aja.