Mapaipi a m'makalavani a kunyanja

Ndine mmisiri wa mipopi wa ku Fingoè, likulu la boma la Maravia. Masiku ambiri ndimakhala pa mijigo ya Afridev ndi matanki a m'sukulu, koma chilimwe chikafika amandiitana kumunsi, m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa, kumisasa ya ogwira kapenta. M'misasa ina muli makalavani akale amene anabwera mokokedwa kuchokera ku South Africa. Matayala anaphwa kalekale, tsopano mumagona kapitawo, koma madzi amafunikabe: thanki pansi pa mpando, kapampu ka mavoti 12, sinki ndi shawa.

Mdani wa mapaipi a m'makalavaniwa ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa cha Zambezi kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye m'kalavani yotseka mawindo mumaposa pamenepo. Paipi yofewa, yoonekera m'kati ija, imataya mafuta amene amaifewetsa, n'kusanduka yachikasu, kenako n'kuuma gwa. Ukaipinda imangoti thyo ngati phesi la chimanga. Imene dzuwa laisiya, makoswe aludzu amaimaliza.

Kapitawo nthawi zambiri amati, "Amisiri, ingomanganipo legeni, zinazo tidzaona." Legeni sindiinyoza, yamwetsa midzi yambiri. Koma m'kalavani ndimakana. Pampu zambiri za mmenemu zimadziyatsa zokha mphamvu ya madzi ikatsika m'paipi, choncho kadontho kamodzi kamachititsa pampu kulira usiku wonse mpaka batire kutheratu. Choipa kwambiri n'chakuti madziwo amalowa m'thabwa la pansi, ndipo thabwa likawola, kalavani yatha.

Pofufuza pobooka ndimatseka mipopi yonse, n'kuyatsa pampu, n'kutchera khutu. Ikati yakhala chete n'kuyambanso, ndiye kuti penapake pakudontha. Ndimagona chagada n'kumatsata paipi ndi dzanja louma, kuseri kwa makabati, mpaka chala chitanyowa. Ndikapapeza ndimadula, n'kuyang'ana pakamwa pa paipiyo. Ngati pali timing'alu ndimadulanso chapatsogolo. Mpeni ukamangoswa osacheka bwino, ndimauza mwini wake mosabisa kuti, "Bambo, iyi ichoke yonse." Kuika chigamba pa paipi yotere n'kungosamutsa bowo.

Apa mpamene achinyamata amene ndimawaphunzitsa amakonda kuthamanga, chifukwa kwa iwo pulasitiki ndi pulasitiki. Ayi ndithu. Paipi yolimba ya PVC, ngati ija ya mumjigo, imalola guluu, pakuti guluuyo amaisungunula pang'ono mbali ziwirizo n'kukhala chinthu chimodzi. Paipi yakuda ya m'madimba guluu saigwira. Ngakhale upake chitini chonse, mawa yasomphoka. Imeneyo, pamodzi ndi yofewa ija, imafuna cholumikizira cha mano ndi kilampu. Kuti cholumikiziracho chilowe, nsonga ya paipi ndimaiviika m'madzi otentha a m'ketulo. Pamoto sindiiyandikiza, chifukwa imapsa mbali imodzi n'kupyapyala, ndipo m'pomwe idzaphulikire.

Saizi nayo imapusitsa. Paipi ya mamilimita 12 ndi ya theka la inchi zimaoneka zofanana m'maso, koma sizigwirana bwino. Zipangizo timakagula kumzinda wa Tete, ulendo wautali pamsewu wovuta, ndiye wopita kumeneko ndimamupatsa kachidutswa ka paipi yakale kuti akayerekeze m'sitolo momwemo. Ndimamuuzanso kuti asatenge paipi yothirira maluwa, imanunkhitsa madzi akumwa.

Poika yatsopano ndimaitalikitsa ndi chitofu cha gasi, ndipo pamene ikudutsa pabowo la chitsulo ndimaikulunga ndi mphira kuti isadyeke. Legeni ntchito yake m'kalavani ndi imeneyo. Pomaliza ndimatsuka thanki, chifukwa madzi a m'nyanja amasiya matope ndi ndere, n'kuthiramo mankhwala a Certeza, n'kutsekula mipopi yonse kuti mankhwalawo ayende m'mapaipi. Kapitawo ndimamusiyira makilampu otsala ndi chidutswa cha paipi, n'kumuonetsa podulira magetsi a pampu akamapita kunyanja usiku.