Cheyo, Kakombo wa pa Phiri la Mulanje

Munthu wofuna kuona cheyo kwao kwenikweni ayenera kulaŵira m'mamaŵa ku Likhubula, kumene kuli nyumba ya alendo ya Sinodi ya Blantyre, nagwire njira yokwera ku Lichenya. Ulendowo umadya pafupifupi tsiku lathunthu kwa ife a miyendo yozoloŵera chigwa. Mitengo ya masuku ikatsala m'mbuyo, mphepo niyamba kuluma makutu, pamenepo maso ayambe kufunafuna m'matanthwe.

M'chilimwe chomerachi chilibe chokopa. Tsinde lake ndi lakuda, la mphanda ngati nyanga za nyama, ndipo lina limatalika kuposa munthu. Mlendo angayese kuti ndi zitsa zimene moto wolusa unasiya. Moto umapitadi pamenepo, koma makoko a masamba akale amakuta tsindelo ngati chofunda, choncho mtima wake supsa msanga. Mizu yake imagwira m'kadothi kochepa ka pamwamba pa mwala, pamene mtengo wina uliwonse ungakane kumera.

Tsono bwerani mvula yoyamba itagwa. Zitsa zija zimavala masamba obiriŵira kunsonga, kenaka maluŵa aakulu oyera mbee! Thanthwe lonse limaoneka ngati amayi a Mvano ali pa msonkhano. Angelezi anachitcha kakombo, ngakhale akatswiri a zomera amachiika m'banja lina, ndi dzina lakuti Xerophyta splendens. Alexander Whyte anatola zomera paphiripo mu 1891, ndipo cheyo analembedwa m'mabuku a sayansi mu 1894. Anthu a m'tsinde mwa phiri anali akumdziŵa kalekale.

Kumdziŵako n'kumene kwamuika m'mavuto. Tsinde la cheyo likadulidwa ndi kuphwanyidwa kunsonga limasanduka tsache lolimba, ndipo amayi ambiri amene amasesera nalo sanaonepo duŵa lake. Sitingam'dzudzule msanga wodulayo, pakuti ana ake afuna ufa ndi makope a kusukulu. Komabe cheyo amakula pang'onopang'ono kwambiri. Chikwanje chimagwetsa pa kamphindi chimene chinatenga zaka zambiri. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma lamulolo silinapulumutse mkungudza, umene watsala pang'ono kutheratu.

Achinyamata amene mukonza ulendo, sankhani November, tengani majuzi ndi wokutsogolerani wa komweko, chifukwa nkhungu ya Mulanje imatsika mosapempha. Duŵalo mulisiye pa tsinde lake. Likathyoledwa silifika ku Likhubula lisanafote.