Namwino Wofufuza za Khansa

Anthu a kuno ku Ndeke akamva kuti namwino wabwerera ku sukulu kukachita maphunziro apamwamba, nayamba kufufuza za khansa, ambiri amayesa kuti wathawa odwala. Koma ine, poona amayi athu alikukwera basi ya ku Lusaka m'bandakucha, makalata a chipatala atawamanga pa nsonga ya chitenje, kulinga ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007, ndinena kuti wofufuzayo akutumikira ife ndithu.

Pajatu m'Zambia muno ntchito yopima khansa ya khomo la chiberekero, chiyambire 2006, inaikidwa m'manja mwa anamwino, amene amapaka viniga pakhomopo, nayang'anitsitsa ngati pena payera. Iwowa ndiwo amva chimene chimaletsa mayi kubweranso pa tsiku limene anamuuza, kaya ndi kusowa ndalama ya ulendo, kaya mwamuna wakaniza, kaya abale anena kuti nthendayo ndi yolodzedwa; ndipo zimenezi zikapanda kufunsidwa ndi kulembedwa mwadongosolo, zimathera m'kachipinda kopimira momwemo. Safunsa anadya phula.

Tsono inu anamwino ofufuza, ana athu a ku Kitwe ndi ku Ndola, mukaimirira pa msonkhano wa akatswiri, musagwe mphwayi pamaso pa madokotala, pakuti mukunena zimene maso anu anaona. Koma pobwera mudzatifotokozerenso ife, ku kiliniki ndi ku tchalitchi, makamaka za katemera wa HPV wa atsikana, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene makolo ena akali kumukayikira.