Kwa mphwanga wophunzitsa ana mpira ku Katoto

Wokondedwa mphwanga,

 

Mayi ako andiuza kuti ukaweruka kuntchito ukumasonkhanitsa ana pabwalo la Katoto n'kumawaphunzitsa mpira popanda wokulipira, ndipo ngakhale mipira ukugula ndi ndalama za m'thumba mwako. Iwo akudandaula kuti ukutaya nthawi. Ine ndawauza kuti akusiye, ntchitoyo ndi yabwino. Koma poti wasenza ana a eni, tchera khutu.

Gula kope. Ulembemo dzina la mwana aliyense, sukulu yake, kalasi, ndi tsiku lobadwa monga lalembedwera pa khadi la kusikelo kapena pa chiphaso chobadwira. Zaka zonena pakamwa usazilembe. Tsiku lidzafika loti timu yako ya ana osaposa zaka 14 idzakumane ndi timu ina yodzaza ndi anyamata oti ndevu anayamba kale kumeta. Mudzagonja, ana adzalira, ndipo anzako adzakunong'oneza kuti nawenso ukatenge akuluakulu awiri ku Masasa uwachotsere zaka. Ukane, mphwanga. Wamkulu mmodzi akalowa m'bwalo, mwana weniweni mmodzi wakhala panja, wina athyoledwa mwendo, ndipo onse otsalawo aphunzira kwa iwe kochi wawo kuti bodza limapambanitsa. M'mera mpoyamba.

Usaganize kuti chinyengochi n'cha m'makwalala mokha. M'chaka cha 2009, pa mpikisano wa mu Africa wa anyamata osaposa zaka 17 ku Algeria, dziko la Niger linachotsedwa chifukwa cha nkhani ya zaka, ndipo malo ake anatenga ndi Malawi. Umu ndi momwe anyamata athu anakasewerera World Cup ya msinkhu umenewu ku Nigeria chaka chomwecho. Lero mabungwe a mpira amachita kuunika mafupa a pamkono ndi makina a MRI kuti adziwe zoona. Mwana womuzoloweza kunama pa Katoto adzakachita manyazi kutsogolo, iwe uli phee kunyumba.

Kope lomwelo likuthandizenso pa za sukulu. Mu ligi yaikulu ya dziko lino muli matimu 16 okha, ndipo mwa ana ako onsewo, wodzavala yunifomu ya Moyale Barracks mwina adzakhala mmodzi, mwinanso palibe. Enawo adzadya za m'kalasi. Wojomba kusukulu asakhudze mpira tsiku limenelo, ngakhale akhale womwetsa zigoli wako wodalirika. Mayeso a Sitandade 8 akayandikira, apumitse.

Atsikana usawabweze. Tabitha ndi Temwa Chawinga anakulira ku Rumphi konkuno kumpoto. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, ndipo timu ya dziko lino ya amayi, ma Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Koma pamenepa mpofunika kusamala kwambiri. Pita kwa makolo a mwana aliyense ukadzionetse, adziwe nkhope yako ndi komwe umakhala. Upeze mayi mmodzi wodalirika woti azikhala nanu pabwalo ndi paulendo. Usaitanire mwana kunyumba kwako, usatsale naye awiriwiri, ndipo muziweruka dzuwa lisanalowe, makamaka mu June ndi July pomwe Mzuzu amazizira ndipo kumada msanga.

Ndalama zimadanitsa. Makolo akasonkha ya thiransipoti kapena wina akapereka ya mayunifomu, asunge ndi munthu wina wosankhidwa ndi makolowo, iwe uzingosayina. Andale akabwera ndi bonanza nyengo ya kampeni, mipira landira, koma ana asavale nsalu ya chipani.

Pomaliza, kusewera mpira ndi kuphunzitsa mpira n'zosiyana. Kafunse ku Northern Region Football Association kapena ku malo a bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM ku Luwinga za maphunziro a makochi oyamba kumene, ndipo uphunzirenso chithandizo choyamba cha wovulala. Fizi yake ndidzalipira ine. Undiuze tsiku lolembetsa likadziwika.

Upereke moni kwa onse.

Ndine malume ako.