Kutsata madzi a eyakoni m'nyumba ina ku Mangochi

Nyumbayo ili chapafupi ndi mtsinje wa Shire, mukangotsika mlatho wa Bakili Muluzi kulowera kuboma. Ndinatsagana ndi mmisiri wa mafiriji ndi maeyakoni, iye atanyamula chikwama cha zida, ine makwerero. Unali mwezi wa Januwale, pomwe mpweya wa ku Mangochi umalemera ndi chinyontho, poti tawuniyi ili pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, mvula nayo ili mkati. M'njira anandiuza kuti mu Okutobala anthu amamuitanira makina okana kuyaka, koma mvula ikayamba, madandaulo ambiri amakhala a madzi. Nyumba imeneyi inali ndi mavuto onse awiri.

Mayi a panyumbapo anatilandira pakhonde. "Achimwene, khoma langa latha. Ena anabwera n'kuthira gasi, koma madzi sanasiye."

"Pepani amayi. Tiyeni tione kaye kumene madziwo amayenera kudutsa."

Kuchipinda chogona bedi linali litakankhidwira pakati. Pansi pa eyakoni panali beseni, ndipo pakhoma panatsika mzere wakuda, penti itafufuma mpaka pansi. Mmisiri anayamba wazimitsa swichi yapakhoma, kenako n'kutsegula chivundikiro. Masefa awiri amene anasolola anali atamata fumbi moti kuwala sikumadutsa. Kuseri kwake kuli tizitsulo topyapyala ta aluminiyamu, momwe mumadutsa timapaipi ta kopa tonyamula gasi wozizira. Madzi amabadwira pamenepo. Mpweya wotentha wa m'chipinda ukakhudza tizitsulo tozizirato umasiya chinyontho chake, monga botolo la chakumwa chochokera mufiriji limachitira thukuta. M'nyengo ngati iyi, makina a 12,000 BTU angathe kutulutsa lita imodzi kapena kuposera apo pa ola. Madziwo amagwera m'kangalande ka pulasitiki, n'kutulukira panja kudzera m'kapaipi ka mamilimita pafupifupi 16 koboola khoma. Pa makina ambiri apakhoma palibe pampu yowakankha. Amayenda okha ngati njira ili yotsetsereka.

Anathira madzi a m'botolo m'kangalandemo pang'onopang'ono. Madziwo anangodzaza n'kusefukira pakhoma. Njira inali yotseka.

Nkhani ya gasi ija inandiwawa. N'zoona kuti gasi akachepa tizitsulo timagwira madzi oundana, ndipo akasungunuka amasefukira. Masefa akuda nawonso amachita zomwezo, chifukwa mpweya sudutsa mokwanira. Koma gasi wa eyakoni amangozungulira m'mapaipi otseka, satha ndi kugwiritsa ntchito. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo wothira gasi osapeza bowolo wangodya ndalama ya munthu. Mayi awa analipira mankhwala a matenda amene makina awo analibe.

Tinatuluka kuzungulira kuseri. Ndi kampata kopapatiza pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa njerwa, komwe eni nyumba safikako kawirikawiri. Masamba a mango anali mbwee, nthaka ili chinyezi ndi madzi ochoka padenga. Kapaipi kaja kanali lendee, kataphotchoka pakati n'kupanga chithaphwi m'kati mwake, kumapeto kwake kutakwiririka m'matope. Mmisiri anakazula n'kukayamwa ndi makina okokera fumbi. Munatuluka ndere zoterera, matope, ndi dothi la mavu aja omanga zisa m'mabowo. Anadula kumapeto kuti kasafike pansi, n'kukamangirira kukhoma kuti kazitsika pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse. Ine ndinatsala panja, iye n'kukathiranso madzi m'kati. Posakhalitsa madziwo anatulukira kukapaipiko chuu.

Makina achiwiri anali apabalaza, okana kuziziritsa. Apa sanathamangire sikuludiraiva. Anaona mabatire a rimoti, anaona ngati rimotiyo ili pa chizindikiro chozizira osati cha fani yokha, n'kupita pabokosi la magetsi m'kakhonde kam'kati kukaona buleka. Zonse zinali bwino. Atayatsa, anatiuza kuti tidikire. Maeyakoni ambiri amachedwetsa kompuresa mphindi zitatu akangozimitsidwa kapena magetsi akangobwerera, kuti mphamvu ya gasi m'mapaipi iyambe yafanana. Anthu osadziwa amadinadina rimoti, kuzimitsa n'kuyatsanso, mphindi zija n'kumayambiranso.

Zitakwana, tinabwereranso kuseri, pa chibokosi chapanja chokhala pazitsulo zokhomera kukhoma. Fani inkazungulira, koma kompuresa inangolira kuti ng'iii, kenako thapu, n'kukhala chete. Anayeza magetsi, chifukwa akatsika kwambiri pa mavoti 230 omwe timayenera kulandira, kompuresa imalephera kudzuka chimodzimodzi. Anali okwanira. Atazimitsa n'kutsegula m'mbali, tinaona kapasita, kachitini kasiliva komwe kamathandiza kompuresa kunyamuka ndi kuyenda, katatupa pamwamba. Kutentha ndi kusinthasintha kwa magetsi ndizo zimakapha msanga. Asanakakhudze anakachotsa kaye mphamvu, popeza kamasunga magetsi ngakhale swichi itazimitsidwa ndipo kangavulaze munthu. Katsopano kanali ka mamaikurofaradi ofanana ndi olembedwa pa kakale. M'bokosimo munalinso ndowe za nalimata; tizilomboti timakonda kufunda kwa m'menemo, ndipo tikadutsa pa waya timawotchetsa bolodi. Anapukuta n'kutseka mipata. Kompuresa inadzuka, pabalaza n'kuyamba kuzizira.

Pa chibokosicho panalembedwa R22, gasi wakale amene mayiko anagwirizana kumusiya pansi pa pangano la Montreal la 1987. Mayiko ngati lathu ali ndi mpaka 2030. Maeyakoni atsopano amabwera ndi R410A kapena R32, ndipo magasiwa sasakanizidwa. Chimenechi n'chifukwa china chosalolera aliyense kuthira gasi mwachisawawa.

Inu amene muli ndi eyakoni, tsukani masefa ndi madzi pakatha milungu iwiri iliyonse, aume musanawabwezere. Makina akamayenda nyengo ya mvula, zungulirani kuseri mukaone ngati kapaipi kakudontha. Za kapasita ndi mawaya siyirani mmisiri, koma akanena za gasi, akuonetseni kaye pamene pabooka.